Maluwa Aafupi a Iris: Oyenera ndi Osayenera Nyengo ya Lusaka

Ambiri mwa inu amene munatsiriza maphunziro pano simunabwerere ku minda ya chimanga. Ena mukusamalira mabwalo a nyumba za ku Kabulonga ndi ku Woodlands, ena maluwa a pa maofesi a mumsewu wa Cairo, ndipo ena mwatsegula tinazale tanu m'mbali mwa msewu wa Great East cha ku Chelstone. Pa ntchito zoterezi sizisowa kuti mwini nyumba akuonetseni pa foni chithunzi cha timaluwa tatifupi tachibakuwa totchedwa iris, nati akufuna totere pabwalo pake pofika Seputembala. Mukavomera musanaganize, ndalama zake zidzaolera m'dothi, ndipo mlandu udzagwera inu amene munagwira khasu. Phunziro la mwezi uno ndi lokuthandizani kudziwa choyankha, ndi chimene mungabzale m'malo mwake.

Dzina lakuti iris linachokera ku Chigiriki, ndipo limanena za utawaleza, chifukwa maluwa a banja limeneli ali ndi maonekedwe amitundumitundu. Kamene kamaoneka kawirikawiri pa zithunzi zija ndi Iris reticulata, kachitsamba kotalika masentimita 10 mpaka 15 okha, komera kuchokera ku kachitsinde konga anyezi wamng'ono. Kwawo ndi kumapiri a Turkey, Iran, Iraq ndi Caucasus. Kumeneko kamagona pansi pa chipale chofewa miyezi ingapo, kamachita maluwa kuzizira kukangoyamba kutha, kenako masamba amauma ndipo kachitsinde kamapuma m'dothi louma gwa nyengo yonse yotentha. Motero kamafuna zinthu ziwiri: kuzizira kwenikweni, kosapitirira madigiri 9, kwa milungu pafupifupi 12 yotsatizana, ndiponso nyengo yotentha yopanda mvula.

Lusaka sapereka chilichonse mwa ziwirizi. Mzinda wathu uli pamtunda, pafupifupi mamita 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julaye m'mawa mumazizira mpaka mano kugwedezeka. Koma ikamakwana 11 koloko dzuwa limakhala litawotha dothi, majuzi tavula. Kuzizira kwa maola ochepa kotereku sikukwanira kudzutsa duwa lili m'kati mwa kachitsinde. Tsono nthawi imene kachitsinde kamafuna kupuma pouma ndi imene ife timalandira mvula ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndipo kamaola. Palinso vuto lachitatu limene ambiri saliganizira: alimi a ku Netherlands amagulitsa zitsinde zimenezi mu Seputembala ndi Okutobala, pokonzekera chisanu cha kwawo. Kwa ife zimafika m'kati mwa chilimwe, nthawi yotentha koposa pa chaka chonse.

Ena amati vutoli limatha ndi firiji, ndipo n'zoona kuti m'maiko otentha anthu amaika zitsinde m'firiji miyezi itatu asanabzale mumphika. Koma miyezi itatu imeneyo firiji iyenera kuzizira usana ndi usiku osalekeza. Aliyense amene anakhala mu Lusaka m'chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, akudziwa kuti magetsi si chinthu cholumbirira. M'firijimo musakhalenso maapulo kapena nthochi, pakuti zipatso zikamapsa zimatulutsa mpweya umene umapha duwa lisanatuluke. Ndipo kumbukirani kuti zitsinde za iris zili ndi ululu, pamene maonekedwe ake ndi a anyezi; m'nyumba ya ana, kapena momwe wophika ndi wina, zimenezi si zosewera nazo. Zonse zikayenda bwino, mwini nyumba adzaona maluwa masiku owerengeka, kamodzi kokha, chaka chotsatira masamba okhaokha kapena osamera n'komwe. Muuzeni zimenezi asanatulutse ndalama. Akaumirira, mum'kumbutse kuti kulowetsa mbewu kapena zitsinde m'dziko muno kumafuna chilolezo cha a Plant Quarantine and Phytosanitary Service. Za m'chikwama chobwera pa ndege popanda pepala inu musazikhudze.

Pali mtundu wina waufupi, wochokera ku Iris pumila ya kum'mawa kwa Ulaya, umene pa duwa lake pamakhala tiubweya tonga ndevu. Umenewu ulibe anyezi, uli ndi tsinde lokwawa longa la jinja. Aafupi a mtundu umenewu nawonso amakonda chisanu champhamvu, ndipo kumalo ofunda amachita masamba ambiri, maluwa apo ndi apo. Abale awo ataliatali amapirira bwinoko. Mukawapeza kale pabwalo limene mwalembedwa ntchito, asamutsireni pa bedi lokwera la dothi losakaniza ndi mchenga, padzuwa, msana wa tsinde uzioneka pamwamba. Musawaphimbire ndi udzu ngati mmene timachitira ndi ndiwo zamasamba. Tsinde likafewa ndi kununkha m'mwezi wa Januwale, dulani poolapo ndi mpeni woyera, pabala paume padzuwa.

Tsopano tifike pa chimene ndikufuna kuti mugwire ndi manja awiri. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ife a Adventist fodya sitim'dziwa kukoma kwake, koma mwambiwo tiumve. Africa ali ndi iris wakewake, wotchedwa Dietes, ndipo mwakhala mukum'dutsa tsiku ndi tsiku m'mbali mwa mipanda ndi moimika magalimoto osam'dziwa dzina. Masamba ake ndi ataliatali, osongoka ngati lupanga, omera mondondozana ngati chipepeso, ndipo sayoyoka chaka chonse. Mitundu yake ilipo isanu ndi umodzi: isanu ya muno mu Africa, umodzi wa pa chilumba cha Lord Howe kufupi ndi Australia. Itatu ndiyo imapezeka m'manazale. Dietes bicolor ali ndi maluwa achikasu chotuwa okhala ndi madontho atatu akuda. Dietes grandiflora ali ndi maluwa aakulu oyera, a chikasu ndi chibakuwa pakati, ndipo amatalika kupitirira mita imodzi. Wofunika kwa amene akufuna chachifupi ndi Dietes iridioides, amene nthawi zambiri sapitirira masentimita 60, ndipo amamera yekha m'nkhalango kuyambira kum'mawa kwa Africa mpaka ku Cape. Duwa lake limakhala tsiku limodzi lokha, koma mawa kapena mkuja lina limatseguka paphesi lomwelo, ndipo zimapitirira chomwecho kuyambira nthawi imene mitengo ya jakaranda ikuchita maluwa mpaka m'kati mwa dzinja.

Apa ndi pamene osamalira maluwa ambiri amawonongera chomera chabwino. Duwa likafota, dzanja limathamangira sizasi kukadula phesi lonse. Pa iridioides ndi grandiflora musatero: phesi lija silinathe ntchito, lidzachitanso maluwa, ngakhale chaka chamawa. Chotsani kokha timakoko ta njere ngati simukufuna mbewu, ndipo phesi mulidule pokhapokha litauma mpaka pansi. Kuwonjezera apo, phesi la iridioides limabala timbande kunsonga, limawerama ndi kulemera kwake, timbandeto n'kugwira dothi. Amene ali ndi nazale aone kuti imeneyi ndi mbewu yaulere: ikani kathumba ka dothi pansi pa kambande, kakazika mizu mudule phesi.

Njira yofulumira yochulukitsira ndi kugawa chitsa. Kumbani chitsa chonse ndi foloko ya m'munda, gwedezani dothi, ndipo mupatule ndi manja kapena chikwanje chakuthwa kuti gawo lililonse likhale ndi timagulu ta masamba titatu pamodzi ndi mizu yake. Dulani masamba atsale theka, kuti chomera chisataye madzi chisanagwire. Bzalani tsiku lomwelo, tsinde likwiririke pang'ono chabe, masentimita 2 kapena 3, motalikirana masentimita 40 mpaka 50. M'dzenje thirani manja awiri a kompositi yopsa bwino. Feteleza wa Compound D, wa 10-20-10, akhale wapang'ono, supuni imodzi yosakaniza ndi dothi. Yuriya musathire, chifukwa adzakupatsani masamba okongola opanda duwa. Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, mvula itakhazikika, kuti musasenze madzi. Njere nazonso zimamera, koma mudzadikira zaka ziwiri kapena zitatu kuti muone duwa, pamene chogawa chimachita maluwa m'chaka chotsatira. Zitsa zikathithikana, patapita zaka zitatu kapena zinayi, zigaweninso.

Pansi pa dera lalikulu la Lusaka pali mwala wa laimu, ndipo madzi a m'zitsime zobowola amasiya zoyera m'ketulo. Dietes sadandaula nazo. Chimene sakonda ndi madzi odikha masiku ambiri, choncho pamalo athyathyathya pomwe mvula ya Januwale imasanduka thamanda, kwezani bedi ndi chikhatho chimodzi. M'mabwalo a mitengo ikuluikulu a ku Kabulonga ndi ku Woodlands, iridioides amachita bwino pamthunzi wopyapyala pomwe kapinga amakana. Bicolor mupatseni dzuwa lochuluka. Ku Kabwata, komwe mabwalo ndi aang'ono ndipo ambiri amakhala m'mafulati, chidebe cha malita 20 choboola pansi chimakwana chitsa chimodzi. Chomera chikagwira, kuthirira kamodzi pa mlungu m'chilimwe kumakwana. Thirirani Lachisanu m'mawa, ndipo pa Sabata simudzakhala ndi nkhawa ya maluwa a abwana. Masamba ouma azuleni ndi dzanja, pakuti ndimo mumabisala nkhono.

Kwa inu a nazale, gawani zitsa mu Disembala ndi Januwale, muike m'timatumba takuda ta malita awiri, tikhale pamthunzi milungu itatu yoyamba, kenako tizolowere dzuwa pang'onopang'ono. Ogula amachuluka kuzizira kukatha, mu Ogasiti ndi Seputembala, ndipo pofika nthawi imeneyo mizu imakhala itadzaza thumba. Wogula maluwa a pa ofesi sagula chitsa chimodzi, amagula mzere wonse, choncho chulukitsani mtundu umodzi mokwanira musanayambe wina. Pa thumba lililonse mangani kapepala ka dzina lenileni la chomera, ndipo musagulitse grandiflora kwa munthu amene wapempha chachifupi. Patatha chaka adzabwera chitamutsekera zenera. Mukamapita kukakambirana ndi mwini nyumba uja wa chithunzi cha pa foni, nyamulani thumba limodzi la iridioides limene latsegula duwa m'mawa womwewo.