PHUNZIRO: ZA MISOZI YA OPENYA TIMASEWERO TATIFUPI

Mwezi uno tiphunzire za timasewero tatifupi topenya pa foni, timene tigwira mitima ya anthu ambiri. Tinabuka kwambiri m'dziko la China, kumene dzina lace ndi duanju. Gawo limodzi likhala mphindi imodzi kapena ziwiri, koma nkhani yonse ifika magawo 60 kapena 100. Magawo oyamba apenya kwaulere, otsalawo alipira. M'caka ca 2024 malonda amenewa anafika ma yuan 50 biliyoni m'China, naposa ndalama zolowa m'nyumba zonse za kanema za dzikolo caka comweco.

1. Cimene aonetsa. Zambiri za nkhanizi ziri za m'banja: mpongozi anyoza mkazi wa mwana wace pamaso pa alendo, mwana wolemera akana amace osauka, abale alimbirana cuma ca atate wao maliro asanaikidwe.

2. Cimene openya acita. Ena alira, ena apsa mtima natukwana munthu wa m'seweroyo ngati wawalakwira iwo eni. Ici sicodabwitsa, pakuti munthu aliyense ali ndi kwao, ndipo mau owawa a pa kanema autsa mau ena amene anawamva kale m'nyumba mwace. Aristotle wa ku Greece anaphunzitsa, zaka zoposa 300 Kristu asanabadwe, kuti sewero la tsoka liutsa cifundo ndi mantha. Augustine wa ku Hippo, polemba cifupi ndi caka ca 400 za unyamata wace ku Carthage, anazizwa kuti munthu akonda kumva cisoni popenya zinthu zimene sakadafuna kuti zimgwere. Anazindikiranso kuti wopenya aitanidwa kudzalira kokha, saitanidwa kudzathandiza.

3. Pamene pali msampha. Sewero lalitali liri nayo nthawi ya kuonetsa mbali zonse ziwiri za mlandu. Kasewero ka mphindi imodzi kalibe nthawi imeneyo. Cifukwa cace woipa akhala woipa kotheratu, ndi wozunzika alibe banga. Ndipo gawo lidulidwa pomwe mkwiyo wafika pakhosi, kuti wopenya alipire gawo lotsatira. Motero mkwiyo wa wopenya ndiwo phindu la wogulitsa. Ku China komweko anaona coipa ici: m'caka ca 2024 makampani a Douyin ndi Kuaishou anacotsa timasewero tina tokuza dala ndeu za m'banja, ndipo kuyambira mwezi wa June boma linalamulira kuti timasewero tiyambe talembetsedwa tisanaturuke.

4. Cimene tiphunzirapo. Timasewero totere tafika pa foni za maiko ambiri, ndi kwathu kuno komwe. Mtengwa wopenya apongozi ankhanza tsiku ndi tsiku, akadzudzulidwa pang'ono za mcere wa m'ndiwo, adzayesa kuti nkhondo yayamba. Koma ankhoswe athu sagamula mlandu atamva munthu mmodzi. Ayamba amva mwamuna, namvanso mkazi, nafunsa ciyambi ca nkhani. Akuru anati, Kuona maso a nkhono nkudekha. Kulira popenya sewero sikulakwa, kusonyeza kuti mtima sunaume. Koma misoziyo tiiyese ndi nchito zace. Mai wa pa kanema sasowa kanthu kwa inu, pakuti alandira malipiro ace. Mai wanu wa kumudzi ndiye ayembekezera mau anu ndi thumba la ufa.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji gawo lidulidwa pakati pa ndeu?
2. Ankhoswe asiyana bwanji ndi wolemba kasewero kakafupi?
3. Ndani wa pabanja panu amene munamweruza musanamve mbali yace?