Kuluka Mawanga pa Cigwiriro ndi Zingwe

Cikwakwa cimene cigwiriro cace ciri coterera ndi mdani wa mwini wace. Dzanja likacita thukuta, kapena mame akanyowetsa mtengo, cimapulumuka m'manja ndi kukagwera pamene cafuna, kaya pa mwendo wa mwini, kaya pa mnzace wochecha naye udzu. Ambiri a ife timakulunga mphira wa njinga pa cigwiriro, koma mphira ukakhalitsa padzuwa umaduka, ndiponso suoneka bwino. M'nkhani ino ndifuna kukufotokozerani, anzanga, njira yina yobveka cigwiriro ndi zingwe, kuti cigwirike zolimba ndi kukhala ca mawanga okondweretsa maso.

Kumene Luso Ili Linacokera

Luso limeneli eni ace ndi amarinyero a zombo za matanga za kale. Iwo anali kuluka zingwe pa zitsulo zogwira pokwera, pa mpini wa ciongolero, ndi pa mphete zacitsulo zomangapo zingwe zazikuru, kuti manja asaterereke ndi kuti cingwe cisadyeke pokhuzana ndi citsulo. Mphete ndiyo inawaphunzitsa nzeru. Mukangokulunga cingwe pa cinthu cokhota, kunja kwace kumatsala mipata, cifukwa kunjako n'kotalika koposa m'kati. Koma mukamanga mfundo pa mkombero uli wonse, mfundozo zimadzaza mipata ija. Angerezi amacha nchitoyi coxcombing, cifukwa mzere wa mfundo umaima ngati lipombo la tambala. M'caka ca 1944 munthu wina wa ku America, Clifford Ashley, anaturutsa buku lace la The Ashley Book of Knots, m'mene analongosola mfundo zoposa 3,800, ndipo zoluka zamtunduwu zirimo.

Zofunika

Pezani cinthu cobulungira conga ndodo: cigwiriro ca cikwakwa, mpini wa nkhafi, kapena nsungwi yophunzirira. Pezaninso zingwe zopota bwino za mitundu iwiri kapena itatu, monga cofiira, coyera ndi cakuda, ulusi wolimba pang'ono, ndi mpeni. Zingwe zonse zikhale zofanana kunenepa, cifukwa cina cikanenepa koposa cinzace mikombero imapendekeka. Ine ndimakonda cingwe ca thonje, pakuti cikanyowa cimafinyika ndi kugwira mtengo zolimba. Ca nailoni cimakhalitsa, koma n'coterera, ndipo cimafuna kukoka kwambiri. Musanayambe, bviikani kadutswa ka cingwe cofiira m'madzi. Madzi akafiira, dziwani kuti mvula yoyamba idzaipitsa coyera canu.

Kutalika kwa cingwe musakuyese ndi maso okha, koma kuwerengeni. Tiyerekeze kuti cigwiriro ciri masentimita 10 kuzungulira, ndipo cingwe ciri mamilimita 2 kunenepa. Mikombero 5 idzaphimba sentimita imodzi. Kuti muphimbe masentimita 12 mudzafuna mikombero 60. Mkombero uli wonse pamodzi ndi mfundo yace umadya masentimita ngati 11, motero yonse pamodzi ndi masentimita 660. Dulani mamita 7 kapena kuposerapo. Ngati zingwe ziri zitatu zosinthana mofanana, ciri conse cikhale mamita awiri ndi theka. Cingwe cotsala n'cabwino koposa copereweza, popeza kulumikiza pakati kumaononga mawanga.

Mfundo Imodzi Yokha

Nchito yonseyi iri ndi mfundo imodzi yokha, ndipo ali yense angaidziwe tsiku limodzi. Gonekani nsonga ya cingwe motsata mtengo ndi kuimanga ndi ulusi. Mikombero yoyamba idzaibisa. Panikizani ndodo pakati pa maondo, muyambe kumwamba, muzitsika. Cingwe cikhale kutsogolo kwa ndodo. Cizungulizeni kudzanja lamanja, cipite kumbuyo, cibwerenso kutsogolo kucokera kumanzere. Pamenepo pisani nsonga yace pansi pa cingwe comweco pamene cinayambira kuzungulira, ndi kukoka. Imeneyo tiziicha mfundo ya kumanja. Mukazunguliza kudzanja lamanzere, ndiyo mfundo ya kumanzere. Pakutha pa mfundo iri yonse kankhirani mkombero kumwamba ndi cikhadabo, kuti mtengo usaoneke pakati.

Tsono gwirani cinsinsi ici, pakuti zonse zotsala ziri m'menemo: mfundo siikhala pansi peni peni pa inzace, koma imasendera pang'ono kumbali kumene cingwe cinazungulira. Cifukwa cace mawanga onse amabadwa ndi mafunso awiri okha. Loyamba, ndi cingwe ca mtundu uti cimene nditenge tsopano? Laciwiri, ndicizungulize kumanja kodi, kapena kumanzere?

Mzere Wopota ndi Njira ya Njoka

Mangani mfundo za kumanja zokha zokha ndi cingwe cimodzi. Popeza iri yonse ikusendera mbali imodzi, mzere wa mfundo udzazungulira ndodo monga nyemba iyanga pa phesi la cimanga. Musaukakamize kuima cowongoka. Mzere ukapita kumbuyo, tembenuzani ndodo muutsate. Mukamanga 5 za kumanja ndi 5 za kumanzere, ndi kubwereza comweco, mzere udzapita uku ndi kubwerera uko ngati njira ya njoka pa mcenga.

Pofuna kuikapo mitundu, mangirirani zingwe ziwiri pamodzi poyamba. Coyera cigone motsata mtengo, ndipo cofiira cizizungulira mtengo pamodzi ndi coyeraco, kucibisa pansi. Mutamanga zofiira 5, gonekani cofiira, dzutsani coyera, mumange 2. Kenaka zofiira 5 ndiponso. Mudzapeza malamba ofiira akuru olekanitsidwa ndi malamba oyera ang'ono, ndipo mzere wopota udzasintha mtundu pa lamba liri lonse. Cingwe cogona cikhale cowongoka nthawi zonse, cingatupitse cigwiriro mbali imodzi.

Zingwe Ziwiri: Maso a Ukonde

Tsopano zingwe zonse ziwiri zigwire nchito mosinthana. Cofiira cipite kumanja, coyera kumanzere, cofiira kumanja, coyera kumanzere. Taonani kuti cingwe ciri conse cikusunga njira yace imodzi. Motero mzere wofiira umapota kumanja, woyera kumanzere, ndipo imalekana ngati anthu awiri ozungulira nyumba mbali ziwiri. Imakomana kumbuyo kwa ndodo, imapingasana, ndi kudzakomananso kutsogolo. Mukapitiriza, cigwiriro cimaoneka ngati cabvala ukonde wa maso akuru. Pa mphambano mfundo ziwiri zimasanjikana, ndipo ndipo pofunika kukoka zolimba. Musasinthe njira ya cingwe ciri conse, cingopitirira kumene cinali kupita.

Zingwe Zitatu: Lipombo la Tambala

Iyi ndiyo njira imene ndiikonda koposa zonse, ndiponso ndiyo yogwirika bwino m'manja. Mangirirani zingwe zitatu, cofiira, coyera ndi cakuda. Lamulo lace n'lakuti mutenge cingwe cimene capumula nthawi yaitali, ndico cotsala kumwamba, cidumphe pamwamba pa zinzace ziwiri, ndipo mfundo zizisinthana, kumanja, kumanzere, kumanja, kumanzere. Ndondomeko yace ndi iyi:

1. Cofiira kumanja.
2. Coyera kumanzere.
3. Cakuda kumanja.
4. Cofiira kumanzere.
5. Coyera kumanja.
6. Cakuda kumanzere.

Mfundo yacisanu ndi ciwiri ndi cofiira kumanja, monga poyamba. Yang'anani cofiira: poyamba cinapita kumanja, kaciwiri kumanzere. Cimene casendera ulendo woyamba cabweza ulendo waciwiri, ndipo zinzace zacita cimodzimodzi. Ndico cifukwa cace mzere supota konse, koma umatsika cowongoka, wolukana ngati tsitsi loluka patatu, ndi mitundu itatu yoonekera motsatana.

Apa aphunzitsi athu a masamu adzakondwa. Mitundu ikubwereza pa 3, njira zikubwereza pa 2, ndipo nambala yocepetsetsa imene 3 ndi 2 zimalowamo ndi 6. Ndiye mawanga amabwereza pa mfundo 6. Ndi zingwe 5 amabwereza pa 10. Koma zingwe zikakhala 2 kapena 4, cingwe ciri conse cimapeza njira yomweyo nthawi zonse, ndipo mizere imalekana monga taona pa maso a ukonde. Wodziwa ici angalembe mawanga ace pa pepala asanakhudze cingwe. Mwacitsanzo, zoyera ziwiri ndi cofiira cimodzi zimapatsa cigwiriro coyera cokhala ndi mkombero wofiira pa mkombero wacitatu uli wonse.

Bvuto la njira iyi n'kuiwala. Mfundo imodzi yolakwa njira imathyola mzere, ndipo siibisika ai. Mankhwala ace n'kumasula kufikira pamene panalakwika. Ine ndimachula mokweza poluka, "manja, manzere," ndipo ndikafuna kupumula ndimalekera pa mfundo yacisanu ndi cimodzi, kuti pobwera ndidziwe kuti woyamba ndi cofiira kumanja. Akuru anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kutsiriza

Nchito yabwino imaonongeka ndi nsonga zolendewera. Kutatsala mikombero 5, pindani ulusi wolimba pawiri ndi kuugoneka pa mtengo, diso lace liloze kumapeto. Lukani mikombero yotsalayo pamwamba pace. Mutatha, pisani nsonga ya cingwe m'diso lija, kokani ulusi, ndipo nsongayo idzalowa pansi pa mikombero, dulani yotsala. Citani comweco ndi cingwe ciri conse. Anzathu a Skauti amene adziwa mfundo yoluka ngati nkhata, yonga imene amamangira mpango wao pakhosi, angaiike kumapeto onse awiri, monga anali kucitira amarinyero. Pomariza pakani vanishi wocepa kuti thukuta ndi dothi zisalowe, koma yambani mwayesa pa kadutswa, cifukwa vanishi amadetsa coyera pang'ono.

Musayambire pa cikwakwa ca sukulu. Yambani pa nsungwi, ndi mzere wopota wa cingwe cimodzi, kufikira dzanja lizolowere kukoka mofanana. Mitundu ibwere pambuyo. Amene afuna kuona ndi maso m'mene lipombo lilukidwira andipeze Loweruka masana, atatenga nsungwi yace ndi zingwe zitatu.

Wophunzira wa Fomu III