Musanapite ku COF, iyezeni nokha galimoto pakhomo

Ulendo woyamba umene ndinabwezedwa ku COF, chinandigwetsa ndi kababu kowunikira nambala yakumbuyo pamodzi ndi handibuleki imene inkakwera mpaka kumapeto koma osagwira. Ndinafika m'mamawa, ndinafola mpaka dzuwa kufika paliwombo, kenako woyeza anandipatsa pepala nati, "Bambo, kakonzeni izi, mubwerenso." Tsiku la ntchito linathera pomwepo, pa zinthu zimene ndikanazikonza pakhomo ndi ndalama yochepa kwambiri.

COF ndi chiphaso chosonyeza kuti galimoto yayezedwa ndipo ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Chimachokera ku nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene tonse timangoiti Road Traffic. Galimoto yoyendera mwini imayezedwa chaka ndi chaka, pamene zonyamula anthu monga maminibasi zimayezedwa pafupipafupi kuposa pamenepo. Yang'anani tsiku lothera pa kapepala kamene kali pagalasi, ndipo muyambe kukonzekera kutatsala milungu iwiri. Chitsulo china chimasowa m'sitolo, makaniko naye amakuuzani kuti mawa, mawa.

Yambani ndi mapepala, chifukwa iwo safuna sipanala. Tulutsani blue book, pepala la inshulansi imene sinathe, ndi chiphaso chanu. Kenako tsegulani boneti, mufananize nambala ya chasisi yodindidwa pachitsulo ndi imene ili m'buku, chilembo ndi chilembo. Pa magalimoto ambiri ochokera ku Japan nambalayi imakhala pakhoma la kuseri kwa injini kapena pansi pa mpando wakutsogolo, pamene pali kachitseko m'kapeti. Ipukuteni kuti iziwerengeka. Ngati munasinthitsa injini kapena mtundu wa penti osakalembetsa, konzani zimenezo kuofesi tsiku loyeza lisanafike.

Madzulo, kukayamba mdima, itanani mwana kapena mnzanu aime kunja, inu mukhale pa chiwongolero. Yatsani magetsi amodziamodzi iye azikuuzani: a paki, a dimu, owala kwambiri, ma indicator mbali zonse, ma hazard, a mabuleki onse kuphatikizapo lija la pagalasi lakumbuyo, a rivesi, ndi kababu ka pa nambala kamene kanandichititsa manyazi kaja. Indicator ikamaphethira mofulumira kuposa masiku onse, kawirikawiri ndiye kuti babu lina mbali imeneyo lapsa. Magetsi awiri akafera limodzi, onani fyuzi musanagule mababu. Mukatero imitsani galimoto pamalo osalala moyang'ana khoma, muyatse dimu. Kuwala kwa mbali ziwirizo kuzilingana msinkhu, ndipo kusakwere kupitirira pamene pali nyalezo. Nyale yoloza kumwamba ndi ija imatithobwa m'maso usiku pa M1. Galasi la nyale likachita chikasu ngati la Vitz yakale, lipukutitseni ndi polishi. Lizaninso hutala, ndipo muyese mawaipa ndi madzi ake.

Pa matayala m'pofunika kugwada pansi. M'kati mwa mizere ya tayala muli timizere tina topingasa totukuka pang'ono, tosonyeza pamene patsala mamilimita 1.6 okha. Mphira ukadyeka mpaka kulingana nato, tayalalo latha, ngakhale wogulitsa akulumbireni kuti lifika ku Karonga n'kubwerako. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto kuti muone mbali yam'kati, chifukwa galimoto yosokonekera alayimenti imadya tayala kumeneko, kunja kukuoneka kwabwinobwino. Sisitani m'mbali ndi dzanja. Chotupa chilichonse chikutanthauza kuti ulusi wam'kati unaduka pamene munagunda dzenje, ndipo chimenecho sichimatika.

Pali manambala anayi amene ambiri sitiwawerenga. Ali m'mbali mwa tayala, kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo DOT. Mukaona 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Matayala a kaunjika amatha kukhala ndi mizere yakuya koma ali okalamba, mphira utauma n'kuchita ming'alu ngati chidendene cha m'chilimwe. Chenjeraninso ndi matayala amene magalimoto ena amabwera nawo kuchokera ku Japan, olembedwa kuti studless. Anawapangira msewu wa chipale chofewa, mphira wake ndi wofewa, ndipo pa phula lotentha la ku Nsanje kapena ku Salima amatha msanga, mabuleki nawo amatalika. Matayala awiri akutsogolo akhale a saizi imodzi, akumbuyo chimodzimodzi. La sipeya lipopedwe, ndipo manati onse akhalepo.

Ndikudziwa kuti alipo amene amabwereka matayala a mnzawo tsiku loyeza n'kukabweza madzulo. Woyeza angapusitsike, koma mvula yoyamba ya mu Novembala imapeza galimoto ili pa matayala ake enieni aja.

Mabuleki mukhoza kuwayesa musanachoke pageti. Injini ili yozima, pondani buleki kanayi kapena kasanu mpaka ilimbe. Mutaipondabe choncho, lizani injini. Buleki ikatsika pang'ono pansi pa phazi, ndiye kuti chothandizira mphamvu ya buleki chikugwira. Pitirizani kuponda kwa theka la mphindi. Ikamatsika pang'onopang'ono mpaka pansi, mafuta a buleki akudontha penapake kapena master cylinder yatha, ndipo galimoto imeneyo ipite kugalaja, osati ku COF. Ikamamveka yofewa ngati mukuponda siponji, muli mpweya m'mapaipi. Onani kabotolo ka mafuta a buleki: akhale pakati pa MIN ndi MAX, ndipo mtundu wake, kaya DOT 3 kapena DOT 4, walembedwa pachivundikiro. Mafutawa amayamwa chinyezi, n'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amati azisinthidwa pakatha zaka ziwiri. Akale amatha kuwira mukamatsetsereka mtunda wautali ngati wa ku Chikwawa kapena wa ku Chiweta, buleki n'kungolowa pansi.

Kenako pezani msewu wopanda anthu, muyende pang'onopang'ono, muponde buleki mwamphamvu mutagwira chiwongolero mopepuka. Galimoto ikakokera mbali imodzi, ndiye kuti wilo lina likugwira kuposa linzake. Kumalo oyezera kumene kuli makina, mawilo amawaika pa zogudubuza zimene zimaonetsa mphamvu ya mbali iliyonse payokha, choncho vuto limeneli silibisika. Phokoso la chitsulo kukhula chinzake likutanthauza kuti mapadi atha. Handibuleki iyeseni pachitunda, giya ili pa nyutilo, phazi lili pafupi ndi buleki. Galimoto iime nji.

Zapansi zimafuna jeke ndi chochirikizira cholimba, ndipo musalowe pansi pa galimoto imene yangokhala pa jeke yokha. Wilo lili m'mwamba, ligwireni pamwamba ndi pansi muligwedeze. Likamagogoda, kayikirani bearing kapena ball joint. Ligwireninso kumanzere ndi kumanja. Likamasewera, ndi tie rod end kapena rack end. Suzumirani timphira tokuta ma CV joint. Tikang'ambika, girizi amamwazikira m'kati mwa wilo ndipo fumbi la misewu yathu limamaliza chitsulocho m'miyezi yochepa. Mukatsitsa galimoto, ikanikizeni pakona iliyonse n'kuisiya. Ikwere kamodzi n'kukhazikika. Ikamavina, mashoko atha. Mukapeza chimodzi mwa zimenezi, uzani makaniko chimene mwaona ndipo mupemphe kuti akusungireni chitsulo chakale chimene wachotsa.

Usiku yalani katoni pansi pa injini. M'mawa katoniyo ikuuzani ngati mukudontha oyilo, madzi kapena mafuta. Fungo la petulo musalilekerere ngakhale tsiku limodzi. Lizani injini muone utsi: wobiriwira ngati mtambo ndi oyilo amene akupsa, wakuda ndi mafuta ochuluka kapena fyuluta ya mpweya yotsekeka, woyera wochindikala wosatha injini itatentha ndi madzi amene akulowa m'malo osayenera. Ekizozi yomangidwa ndi waya ikawotcheredwe.

Zotsala ndi zachangu. Galasi lakutsogolo lisakhale ndi mng'alu kutsogolo kwa maso a woyendetsa. Magalasi oonera kumbuyo akhalepo onse, malamba azikoleka ndi kugwira mukawakoka mwadzidzidzi, zitseko zizitseguka m'kati ndi kunja komwe, batire imangidwe, nambala ziziwerengeka. Zonyezimira zikhale zoyera kutsogolo ndi zofiira kumbuyo. M'buti muikemo mathirayango awiri, jeke, sipanala ya mawilo ndi chozimitsira moto chimene muvi wake uli pobiriwira. Nyali ya ABS kapena ya airbag ikamangoyakabe injini italira, kaipimitseni pa kompyuta. Kuimata ndi tepi yakuda sikuchotsa vutolo.

Tsiku loyeza tsukani galimoto, makamaka pansi pake, kuti matope asabise zimene woyeza akufuna kuona, ndipo mutsitse katundu yense. Lawirirani. Pageti mudzakumana ndi madobadoba okuuzani kuti, "Bwana, tikuthamangitsireni, galimoto isachite kulowa." Akaneni mwaulemu, mulipire pamalo ovomerezeka ndi kusunga lisiti. Mukabwezedwa, funsani woyezayo akulozereni ndi chala chimene chalakwika, komanso akuuzeni kuti mubwerenso pasanathe masiku angati. Mukapambana, onani ngati nambala ya galimoto yalembedwa molondola pa chiphasocho musanatuluke pageti, muchimate pagalasi, ndipo tsiku lothera mulilembe mufoni, chikumbutso chake mukuchibweza m'mbuyo ndi milungu iwiri.