Kodi Olemba Ntchito Aziika Mapadi M'zimbudzi za Kuntchito?

Pa misonkhano ya chitukuko m'mawodi, nthawi yambiri imathera pa milatho, mijigo, misewu ndi midadada ya sukulu. Nkhani ya msambo simveka kawirikawiri, chifukwa mwambo unaisiya m'manja mwa anamkungwi ndi amayi okhaokha. Komatu mayi wogwira ntchito kuchigayo, kumsika, kuesiteti kapena mu ofesi sausiya msambo kunyumba akamalawira kuntchito. Msambo ukayamba ali pakati pa ntchito, ndipo pamalopo palibe chomuthandiza, amanyamuka kubwerera kwawo. Kwa waganyu kapena wolipidwa patsiku, ndalama ya tsiku limenelo imakhala yapita. Phunziro la m'kope lino likuunika ngati kuli koyenera kuti olemba ntchito aziika mapadi m'zimbudzi za pamalo awo, komanso zimene khonsolo ndi makomiti a chitukuko angachitepo.

Chifukwa chake msambo umadzidzimutsa

Ena amati mayi wamkulu amadziwa masiku ake, choncho ayenera kudzikonzekeretsa yekha. Amayi ambiri amaterodi, koma thupi silitsata kalendala ngati tsiku la malipiro. Kwa amayi ambiri, kuchokera pa msambo wina kufika pa wina pamadutsa masiku apakati pa 21 ndi 35, ndipo msambowo umatenga masiku atatu mpaka asanu ndi awiri. Matenda, nkhawa ndi kutopa kwambiri zimatha kusuntha masikuwo. Mayi amene wayambanso kusamba atabereka, komanso amene akuyandikira msinkhu wosiya kusamba, kawirikawiri amaona masiku ake akusinthasintha.

Palinso chifukwa china chimene chimakhudza amayi ochuluka m'Malawi muno. Njira zolera za jakisoni ndi zoika pamkono, zimene achipatala amapereka m'zipatala ndi m'masikelo a m'midzi, zimachititsa amayi ena kutaya magazi pang'onopang'ono pa masiku amene samayembekezera, makamaka m'miyezi yoyambirira. Amenewa si matenda, ndipo azaumoyo amawafotokozera amayi asanayambe njirazi. Koma tanthauzo lake n'lakuti mayi wosamala kwambiri angathe kudzidzimutsidwa ali kuntchito.

Azaumoyo amalangizanso kuti padi kapena nyanda isinthidwe pakapita maola ochepa, pafupifupi anayi mpaka asanu ndi limodzi, kapena msanga kuposa apo ngati magazi ndi ambiri. Kukhalitsa ndi nsalu yonyowa kumasupula khungu ndipo kumatsegula njira ya matenda. Tsiku la ntchito la maola asanu ndi atatu, kuphatikizapo ulendo wopita ndi wobwerera, limafuna kuti mayi asinthe kamodzi kapena kawiri ali komweko kuntchito.

Zimene malamulo akunena

Lamulo loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pamalo a ntchito, la Occupational Safety, Health and Welfare Act, linakhazikitsidwa m'chaka cha 1997. Limalamula kuti pamalo a ntchito amene limawakhudza pakhale zimbudzi zokwanira ndi zaukhondo, za amuna pazokha ndi za akazi pazokha, posamba m'manja, madzi akumwa ndi bokosi la chithandizo choyamba. Mapadi silinawatchule. Choncho wolemba ntchito amene sawaika sanaphwanye lamuloli. Komabe mfundo imene ili pansi pa lamuloli ndi yoonekeratu: zosowa za thupi zimene munthu sangaziimitse pa nthawi ya ntchito, mwini ntchito amatengapo gawo. N'chifukwa chake palibe amene amadabwa kupeza sopo kapena pepala la m'chimbudzi mu ofesi, ndipo palibe bwana amene amauza wantchito wovulala chala kuti akanabwera ndi bandeji yake.

Boma linachitapo kanthu kumbali ya mitengo. Mu ndondomeko ya zachuma ya 2022/23, imene anapereka nduna ya zachuma ya nthawi imeneyo, a Sosten Gwengwe, misonkho ina ya pa mapadi inachotsedwa. Koma ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo katundu wochokera kunja anakwera mtengo. Mapadi ambiri a m'magolosale ndi ochokera kunja, motero mpumulo umene amayi amayembekezera sunakhalitse.

Zimene mayiko ena achita

Dziko la Kenya linachotsa msonkho wa VAT pa mapadi m'chaka cha 2004, ndipo mu 2017 linasintha lamulo la maphunziro kuti boma lizipereka mapadi aulere kwa atsikana a m'sukulu zaboma. Ku Zambia, lamulo la ntchito la Employment Code Act la 2019 limapatsa mayi wolembedwa ntchito tsiku limodzi pamwezi loti apume popanda kuonetsa kalata ya dokotala. Kumeneko tsikuli amalitcha Mother's Day.

Chitsanzo chimene chikukhudza makhonsolo mwachindunji ndi cha Scotland. Nyumba ya malamulo ya kumeneko inavomereza lamulo limene anabweretsa phungu Monica Lennon mu Novembala 2020, ndipo linayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2022. Lamuloli linapereka udindo kwa makhonsolo, masukulu ndi makoleji woonetsetsa kuti aliyense wofuna mapadi awapeze mwaulere ndiponso mosavuta. Makampani a anthu wamba silinawakakamize. Chuma cha Scotland n'chosiyana kwambiri ndi cha Malawi, koma phunziro lake ndi lakuti maofesi aboma ndiwo anayenera kuyamba, ena n'kumaonera kwa iwo.

Madandaulo a olemba ntchito

Dandaulo loyamba ndi la ndalama, ndipo ndi lomveka. Mwini chigayo wa antchito atatu sangafanane ndi kampani ya tiyi ya ku Thyolo kapena Mulanje imene imalemba anthu mazanamazana m'nyengo yothyola. Koma chimene chikufunika si kugulira mayi aliyense mapadi a mwezi wonse. N'kusunga mapadi ochepa othandiza pa tsiku ladzidzidzi, monga momwe mankhwala a m'bokosi la chithandizo choyamba amasungidwira. Wolemba ntchito ayenera kuyerekeza mtengo wa paketi imodzi ndi ntchito imene imaima pamene wantchito wachoka masana, kapena pamene wajomba masiku awiri mwezi ndi mwezi poopa kuchita manyazi.

Dandaulo lachiwiri ndi lakuti mapadiwo azibedwa kapena kutengedwa kupita nawo kunyumba. Zoterezi zimachitikadi pa katundu aliyense waulere. Njira yochepetsera vutoli ndi kuika ochepa m'chimbudzi tsiku lililonse, otsalawo n'kusungitsa kwa mayi mmodzi wosankhidwa ndi anzake. Chimene sichithandiza ndi kuwatsekera mu ofesi ya bwana kapena ya kapitawo wamwamuna. Mayi amene akuyenera kugogoda ndi kufotokoza vuto lake kwa bambo amene amamulamulira amasankha kungokhala chete.

Dandaulo lachitatu ndi lobisika: ena angaganize zosiya kulemba amayi kuti apewe zonsezi. Kuchita zimenezi ndi mlandu. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 komanso la Gender Equality Act la 2013 amaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa chakuti ndi mkazi kapena mwamuna.

Mapadi paokha sakwanira

Paketi ya mapadi yoikidwa m'chimbudzi chopanda chitseko ndi ndalama yotayika. Kuti mayi athe kusintha, chimbudzi chiyenera kukhala ndi chitseko chotsekeka m'kati, kuwala kokwanira, madzi ndi sopo pafupi, komanso chidebe chovundikira chotayamo zogwiritsidwa ntchito. Mapadi oponyedwa m'chimbudzi chamadzi amatseka mapaipi. Oponyedwa m'chimbudzi chokumba saola msanga chifukwa ali ndi pulasitiki, motero dzenje limadzaza msanga ndipo limavuta kupopa. Chidebecho chiyenera kukhala ndi munthu wochikhuthula, wopatsidwa magolovesi, ndi malo oyenera otayako kapena kuwotcherako.

Amayi ambiri m'midzi amagwiritsa ntchito nyanda kapena mapadi ochapa, amene magulu a amayi ndi matelala amasoka m'madera ambiri. Kwa iwo, madzi ndi malo obisika ndi ofunika kuposa china chilichonse. Kwa ogwira ntchito m'minda ikuluikulu, mtunda nawo ndi nkhani: chimbudzi chimene chili kutali ndi pamene akuthyola kapena kupalira chimawatayitsa nthawi, ndipo kwa wolipidwa potengera kulemera kwa zimene wathyola, nthawi yotayika ndi ndalama yotayika.

Gawo la khonsolo ndi mawodi

Yankho la funso la phunziroli ndi lakuti inde, olemba ntchito ayenera kutero, aliyense molingana ndi kukula kwa malo ake, ndipo ayambe ndi chitseko, madzi ndi chidebe. Khonsolo nayo ndi yolemba ntchito, ndipo ndiyo mwini misika ndi madepoti a mabasi kumene amayi ochita malonda amakhala tsiku lonse. Amayiwa alibe bwana woti awaganizire, koma amadula chiphaso cha msika tsiku ndi tsiku, ndipo ali ndi ufulu wofunsa kuti gawo la ndalamazo likonze zimbudzi zawo. Komiti ya msika ingathe kugwirizana kuti wosamalira chimbudzi cha amayi akhale mayi, ndipo azisunga mapadi ochepa.

Nkhani yotere imafika kukhonsolo podutsa njira yodziwika kale: imayamba ku VDC, n'kupita ku ADC, kenako khansala wa wodi amaitula kumakomiti a khonsolo. Alangizi a zaumoyo, amene amayendera kale ukhondo wa m'misika ndi malo odyera, angathandize kuona ngati zimbudzi za amayi zili ndi zofunikazi. Pa 28 Meyi chaka chilichonse, kuyambira 2014, dziko lapansi limakumbukira tsiku la ukhondo wa pa nthawi ya msambo, ndipo tsikuli lingakhale mpata wabwino woti mafumu, atsogoleri a mipingo ndi eni mabizinesi akhale pansi ndi amayi ogwira ntchito m'dera lawo.

Mafunso okambirana m'makomiti

Kodi ndi malo ati a ntchito m'wodi muno amene ali ndi chimbudzi cha amayi chotsekeka m'kati, chokhala ndi madzi ndi chidebe?

Kodi mayi amene msambo wamuyamba ali pamsika waukulu wa m'dera lino angapite kwa ndani?

Kodi m'komiti ya msika ndi mu VDC muli amayi okwanira oti nkhaniyi ikambidwe momasuka, ndipo ndani adzaitengere ku ADC pa msonkhano wotsatira?