Maluŵa a M'masika Pakhomo Pathu

Mvula ikamatsazika m'mwezi wa Epulo, deliya amachita maluŵa achikasu m'mipanda, ndipo maungu obzalidwa mochedwa amatulutsa chiluŵe chotsiriza. Nkokoma kukhala pakhonde madzulo, mutaŵeruka kokolola, nkumayang'ana maluŵa pabwalo losesedwa bwino. Mtima umapumula, ndipo mlendo amadziŵa kuti pano mpa anthu aukhondo.

Komabe pofuna kuti maluŵa asafote msanga, ambiri timakumba timaenje tosungiramo madzi othirira pafupi ndi nyumba. M'madzi odikha otereŵa ndimo udzudzu wa malungo umaikira mazira, ndipo pakapita masiku 10 mpaka 14 umatuluka udzudzu watsopano. Malungo satha ndi mvula ayi, ndipo amapha makamaka ana osakwana zaka 5.

Musazule maluŵa anu. Mdani si duŵa, koma madzi ongokhala. Tsono chitani izi:

1. Kwirirani maenje ndi zithaphwi zonse.
2. Boolani kunsi kwa zitini zobzalamo maluŵa.
3. Vundikirani mitsuko ya madzi othirira.
4. Gonani m'masikito usiku uliwonse.

Mwana akatentha thupi, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.