PHUNZIRO 7: KUZIZIRITSA KAKOMPYUTA KA RASPBERRY PI PASUKULU

Chiyambi

Raspberry Pi ndi kakompyuta kokwana m'chikhatho, kotalika mamilimita 85 ndipo m'lifupi mamilimita 56. Kanayamba kugulitsidwa mu 2012, ndipo bungwe lomwe linakayambitsa, la Raspberry Pi Foundation ku Cambridge m'dziko la Britain, linkafuna kuti ana aphunzire za makompyuta pamtengo wotsika. Sukulu zina zimaikamo mapulogalamu monga Kiwix ndi Kolibri, kuti ophunzira aziwerenga mabuku ndi kuonera mavidiyo popanda intaneti. Vuto ndi lakuti kakatenthetsa kamayamba kugwira ntchito mwaulesi, phunziro n'kusokonekera.

Zolinga

Pomaliza phunziro lino muyenera:
• kufotokoza chomwe chimatenthetsa kakompyutaka
• kuyeza kutentha kwake
• kusankha njira yokaziziritsira yoyenera pasukulu panu

Kutenthaku kumachokera kuti?

Pakati pa kabolodi ka Raspberry Pi pali purosesa, yomwe imachita mawerengero onse. Pafupifupi magetsi onse olowa m'menemo amasanduka kutentha, ndipo ntchito ikachuluka kutenthanso kumachuluka. Purosesa ya Raspberry Pi 4, yomwe inatuluka mu 2019, inkathamanga pa 1.5 GHz. Ya Raspberry Pi 5, ya mu 2023, imafika pa 2.4 GHz, choncho imadya magetsi ambiri ndipo imatentha msanga.

Kakompyutaka kamadziteteza kokha. Purosesa ikafika madigiri 80 imayamba kuchepetsa liwiro, ndipo pa madigiri 85 imachepetsanso kwambiri. Motero sikapsa ayi, koma ntchito ndiye imachedwa. Vidiyo imadukaduka, masamba amachedwa kutseguka, ndipo mphindi za phunziro zimatha ana akungodikira.

Kumbukiraninso kuti mpweya wa m'chipinda ndi womwe umatenga kutenthako. Kumadera monga Nsanje, Chikwawa, Tete ndi chigwa cha Luangwa, mu Okutobala ndi Novembala kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40 masiku ena. M'kalasi ya malata yopanda siling'i, kakompyuta kamayamba ntchito kali kotentha kale.

Ntchito 1

Tsegulani Terminal ndipo lembani vcgencmd measure_temp, kenaka dinani Enter. Lembani nambala yomwe yatuluka m'kope lanu. Onetsani vidiyo kwa mphindi 15 ndipo yezaninso. Chitani zimenezi m'mawa ndi masana. Mwaona kusiyana kotani? Mukuganiza kuti chachititsa n'chiyani?

Njira zitatu zoziziritsira

1. Heatsink. Aka ndi kachitsulo ka aluminiyamu kokhala ndi timizere toimirira, komwe kamamatidwa pamwamba pa purosesa. Kutentha kumalowa m'chitsulocho monga momwe kumakwerera m'supuni yosiyidwa mu tiyi. Timizere tija timachulukitsa malo okhudzana ndi mpweya, ngati mmene phala limazizirira msanga m'mbale yotambalala kusiyana ndi m'kapu. Sikadya magetsi ndipo sikachita phokoso. Koma mukakatsekera m'kabokosi kosalowa mpweya, thandizo lake limakhala lochepa zedi.

2. Fani. Imachotsa mpweya wotentha n'kubweretsa wozizira, chimodzimodzi kuuzira phala la mwana. Pa ntchito yolemetsa, fani yophatikiza ndi heatsink ndiyo imathandiza koposa. Fani yomwe kampaniyi inatulutsa mu 2020 yoika m'kesi ya Raspberry Pi 4 ili ndi mawaya atatu: wofiira umapita pa pini 4, wakuda pa pini 6, wobiriwira modera ngati thambo pa pini 8. Waya wachitatuwu ndi womwe umalola kuti fani iziyaka pokhapokha kutentha kukafika pomwe mwasankha. Raspberry Pi 5 ili ndi polumikizira fani pakepake, ndipo fani yake imayamba kuzungulira pang'onopang'ono pa madigiri 50 n'kufika pa liwiro lonse pa madigiri 75. Kuipa kwa fani n'kwakuti imakoka fumbi, imalira, ndipo pakapita nthawi imatha.

3. Kesi. Kabokosi kamateteza kabolodi ku fumbi, tizilombo ndi zala za ana, koma ka pulasitiki kotsekeka kamasunga kutentha ngati bulangete. Kesi ya aluminiyamu yomwe imakhudza purosesa imagwira ntchito ngati heatsink yaikulu. Ikamamveka yofunda m'manja musadandaule, ndiye kuti kutentha kukutuluka. Samalani chinthu chimodzi: chitsulo chikakuta paliponse chikhoza kufooketsa Wi-Fi, ndipo ophunzira okhala kumbuyo angavutike kulumikiza.

Tisankhe iti?

Yambani mwayeza, musathamangire kugula. Ngati masana a mu Okutobala nambala ikukhala patali ndi 80, heatsink ndi kesi yolowa mpweya n'zokwanira. Ngati ikumafika pa 80, onjezani fani. Kumalo kwa fumbi lambiri, komanso komwe fani ikafa simungapeze ina pafupi, kesi ya aluminiyamu ndi yabwino chifukwa ilibe chozungulira choti chingawonongeke.

Zosamala zosalira ndalama

• Musaike kakompyutaka padzuwa, pawindo kapena pafupi ndi denga la malata.
• Musakafunditse nsalu kapena kukatsekera m'dirowa kakugwira ntchito.
• Thimitsani ndi kuzula waya wa magetsi musanalumikize fani. Waya wolakwika pini ukhoza kuwononga kabolodi konse.
• Chotsani fumbi ndi kaburashi kofewa kouma, makamaka m'chilimwe. Madzi ayi!

Ntchito 2

Konzani phunziro la sayansi la mphindi 35 lophunzitsa momwe kutentha kumayendera m'chitsulo ndi mumpweya. Ophunzira ayeze katatu: kesi yotseka, kesi yotsegula, ndiponso wina akupemerera ndi katoni. Ajambule girafu ya zomwe apeza. Kambiranani ndi mphunzitsi mnzanu za momwe phunziro layendera.

Dziyeseni nokha

1. Chimachitika n'chiyani purosesa ikafika madigiri 80?
2. N'chifukwa chiyani heatsink ili ndi timizere?
3. Sukulu ina ili kumalo kwa fumbi, kutali ndi tawuni. Mungailangize njira iti, ndipo chifukwa chiyani?

Lembani mayankho m'kope lanu ndipo mupite nawo kumkumano wotsatira wa gulu lanu lophunzirira.