PHUNZIRO LA MAGETSI: KODI BULEKA IMAGWERANJI?

Magetsi afika tsopano m'malo ambiri a boma la Karonga, ku Chilumba, ku Kaporo ndi kwina, ndipo pa mtsinje wa Wovwe pali makina opanga magetsi chiyambire chaka cha 1995. Nyumba, masukulu ndi matchalitchi amene kale ankadalira nyali ya palafini, lero ali ndi mita pakhoma. Koma pamodzi ndi kuwalako pabwera dandaulo limene limamveka kawirikawiri, lakuti buleka ingogwa nthawi ndi nthawi, motero kuli bwino kuichotsa ndi kuikapo yaikulu. Maganizo amenewa ndi oopsa zedi, ndipo akatekisiti ndi akuluakulu a mpingo, amene amasunga makiyi a nyumba zosonkhanamo anthu mazana, ayenera kudziwa chifukwa chake.

Magetsi akamayenda m'waya, wayayo amatentha. Akamayenda ochepa, kutenthako sikumveka. Akachuluka kuposa muyeso wa wayayo, pulasitiki yomukuta imafewa, imasungunuka, ndipo moto umayamba mwakachetechete m'denga, pamene palibe diso loona. Tsono buleka, kapena fyuzi m'nyumba zakale, ili ngati mlonda woimira waya: iyenera kudula magetsi wayayo asanatenthe. Lamulo lalikulu la mawaya a m'nyumba lagona pamenepa, kuti buleka isakule kuposa mphamvu ya waya amene ikumulondera. Munthu woika buleka yaikulu pa waya wowonda wachotsa mlonda n'kusiya chitseko chapululu. Chimodzimodzinso iye amene amamanga kachidutswa ka waya wamba, kapena msomali, m'malo mwa fyuzi yopsa.

Malamulo amene amisiri a m'Malawi amaphunzira adachokera ku Britain, kumene buku loyamba la malamulowa lidatuluka m'chaka cha 1882. Magetsi a m'nyumba muno ndi a mavoliti 230, ndipo kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya kumawerengedwa m'maampeya. Mwa chizolowezi, mababu amalandira waya wa 1.5 ndi buleka ya maampeya 6. Masoketi, waya wa 2.5 ndi buleka ya 20, kapena ya 32 ngati wayayo wazungulira nabwereranso ku bokosi ndi nsonga zonse ziwiri. Chitofu chachikulu chophikira, waya wakewake wa 6 ndi buleka ya 32. Nambala za wayazi zikunena kunenepa kwa mkuwa wa m'kati, osati kwa pulasitiki, pakuti pamsika pamapezeka mawaya ooneka onenepa kunja pamene m'kati muli kamkuwa kochepa.

Nachi chitsanzo. Ketulo ya mawati 2,000 imakoka maampeya pafupifupi 9, hotipuleti ya mawati omwewo 9 enanso, ayironi ya mawati 1,200 maampeya 5. Zitatuzi pamodzi ndi 23. Koma pulagi ya mano atatu ili ndi fyuzi m'kati mwake yosapitirira maampeya 13. Choncho amayi okonza chakudya cha phwando akalumikiza zonsezi pa chingwe chimodzi, fyuziyo ikapsa siidalakwe konse ayi. Yachita ntchito yake. Chofunika ndi kugawa katunduyo pa masoketi ena, kapena kuitana mmisiri kuti akoke waya wina kuchokera ku bokosi.

Ku Karonga nkhaniyi ili ndi kulemera kwina chifukwa cha kutentha. Miyeso ya m'mabuku idalembedwa poganiza kuti mpweya wozungulira waya uli pa madigiri 30. M'miyezi ya Okotobala ndi Novembala dziko la m'mphepete mwa nyanja limapitirira pamenepo ngakhale pamthunzi, nanji m'kati mwa denga la malata masana! Waya wotenthedwa kale ndi dzuwa sangathe kunyamula katundu amene akadanyamula ku mapiri ozizira a Misuku, ndipo mmisiri wanzeru amasankha wonenepa pang'ono. Ndiponso nyumba imene idang'ambika makoma, monga zambiri zidachitira pa zivomezi za mu Disembala 2009, kapena imene madzi osefukira adalowa m'masoketi ake, iyenera kupimidwa mawaya isanayatsidwenso.

Buleka wamba imateteza waya, koma siiteteza munthu. Magetsi ochepa kwambiri, osakwana ngakhale ampeya imodzi, amatha kuimitsa mtima, pamene buleka ya 20 ili chiimire. N'chifukwa chake malamulo amafuna zinthu zina ziwiri. Choyamba ndi waya wa earth, wolumikiza chitsulo cha filiji, cha ayironi kapena cha mkuzamawu ku ndodo ya mkuwa yokhomedwa m'nthaka. Dzino lalitali la pulagi ndilo njira yake, ndipo wolithyola kuti pulagi ilowe msanga wadula njira yopulumukira. Mchenga wouma wa kunyanja sulandira bwino magetsi, motero ndodoyo ipimidwe ndi makina, osangoikhoma n'kuchoka. Chachiwiri ndi chida chotchedwa RCD, cholembedwa 30mA pankhope pake, chimene chimayerekeza magetsi otuluka ndi obwerera. Chikaona kuti ena athawira kwina, kapena m'thupi la mwana wopanda nsapato pa simenti yonyowa, chimadula m'kamphindi. Chili ndi batani la chilembo T, ndipo wosunga nyumba azilidina kawiri pa chaka: magetsi akapanda kuzima, chidacho chafa.

Mitundu ya mawaya nayonso imasokoneza ambiri. Kale wamoto anali wofiira, wobwerera wakuda, wa earth wobiriwira. Tsopano wamoto ndi wabulawuni, wobwerera wabuluu, wa earth wobiriwira ndi chikasu. Pa zigayo za mpunga ndi za chimanga, pamene pamalowa mawaya amoto atatu, ngoziyo imakula, popeza wabuluu kale anali wamoto, ndipo wakuda lero ndiye wamoto.

Ntchito zonsezi si za aliyense wokhala ndi pulayala. Lamulo la chaka cha 2004 lidakhazikitsa bungwe la MERA, limene limapereka zilolezo kwa amisiri oika mawaya m'nyumba. ESCOM imabweretsa magetsi kufikira pa mita. Kuyambira pamenepo kulowa m'kati, udindo ndi wa mwini nyumba, ndipo pa tchalitchi mwini nyumbayo ndi mpingo. Komiti ikamalemba mmisiri ntchito, iyambe yaona chilolezo chake, ndipo ntchito itatha, imupemphe alembe pa chitseko cha bokosi buleka iliyonse, kukula kwake ndi zipinda zimene ikulondera.